Mmene mungaonerere malonda a mankhwala pa wailesi yakanema ya ku America

Aliyense amene wakhalako ku United States amadziwa kuti nkhani za madzulo pa wailesi yakanema sizifika kumapeto popanda kudukizidwa ndi malonda a mankhwala a shuga, a nyamakazi kapena a matenda a pakhungu, amene munthu sangagule pokhapokha dokotala atamulembera. Mayiko awiri okha, United States ndi New Zealand, ndiwo amalola makampani kutsatsa mankhwala oterewa kwa anthu wamba mpaka kutchula matenda amene amachiza, pomwe ku Britain n'zoletsedwa. Ku United States malondawa anachuluka kuyambira mu 1997, pamene bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linalola kuti kampani izingotchula zoopsa zikuluzikulu, kenako n'kulozera anthu kumene angapeze zotsalazo, monga pa nambala ya foni yaulere kapena pa intaneti.

Poyamba zindikirani mtundu wa malonda amene mukuonera. Ena amatchula dzina la mankhwala ndi matenda ake, ndipo amenewa lamulo limawakakamiza kunenanso zoopsa. Ena amangotchula dzina lokha, ena amangofotokoza matenda n'kukuuzani kuti mukaonane ndi dokotala, ndipo mitundu iwiriyi lamulo siliikakamiza kutchula choopsa chilichonse, choncho kukhala chete kwake sikutanthauza kuti mankhwalawo alibe vuto. Musaganizenso kuti boma linawaona malondawo asanaulutsidwe, chifukwa nthawi zambiri FDA imawaunika atatuluka kale.

Chachikulu chagona pa nthawi imene zoopsa zikutchulidwa. Pa kanemapo pamaoneka agogo akuthamangitsana ndi adzukulu awo m'mbali mwa nyanja, galu akudumphadumpha, kanyimbo kakulira chapansipansi, pamene mawu ofatsa akunena za kuwonongeka kwa chiwindi, kufooka kwa chitetezo cha m'thupi, mwinanso imfa. Maso akakhuta, makutu amagona. Njira yake ndi yapafupi: ikafika nthawi imeneyi tsinzinani, mungomvetsera, ndipo ngati mungathe bwezerani kanemayo kuti muwerenge mawu olembedwa pansi. Mu 2023 FDA inakhazikitsa lamulo loti zoopsazi zizinenedwa m'mawu osavuta komanso zizilembedwa pa kanemapo nthawi yomweyo, koma kunena zoona agogo aja ndi galu wawo sanachoke.

Kenako lembani mayina onse awiri a mankhwalawo, la malonda ndi lenileni limene limaoneka m'tizilembo ting'onoting'ono. Mwachitsanzo, Ozempic ndi dzina la malonda, pomwe mankhwala ake ndi semaglutide. Dzina lachiwirili ndi limene lingakuthandizeni kudziwa ngati simukumwa kale mankhwala a mtundu womwewo, kapena ngati alipo otsika mtengo ogwira ntchito mofanana.

Kumbukiraninso kuti amene amatsatsidwa kwambiri ndi mankhwala atsopano ndi okwera mtengo, ndipo mavuto ena a mankhwala atsopano amadziwika anthu ambiri atayamba kale kumwa. Vioxx, mankhwala ochepetsa ululu wa nyamakazi a kampani ya Merck, anatsatsidwa kwambiri pa wailesi yakanema, koma mu 2004 anachotsedwa pamsika zitadziwika kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Mu 2015 bungwe la madokotala la American Medical Association linapempha kuti malonda a mtunduwu aletsedwe, ngakhale kuti pempholo silinasanduke lamulo.

Malondawa amatha ndi mawu oti mukafunse dokotala wanu ngati mankhwalawo ndi okuyenererani. Pitani ndithu, koma muyambe ndi kufotokoza zimene mukumva m'thupi, dzina la mankhwala libwere pambuyo. Nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba amene achibale anakutumizirani kuchokera kumudzi, chifukwa ena sagwirizana. Funsani ngati atsopanowo amaposa amene muli nawo kale, kuti mwa anthu owamwa ndi angati amene amapezadi bwino, ndiponso kuti mudzalipira zingati inshuwalansi ikapereka gawo lake. Dokotala akanena kuti simukufunika mankhwalawo, mufunseni chifukwa chake, ndipo musasiye amene anakupatsani kale musanamve yankho lake.