Zoyenera Kudziwa Musanapite ku Tauni ya Yunivesite ku America

Anthu a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene amapita ku America kukaphunzira, kukachita kafukufuku wa zaulimi kapena kukaonerera mwana akulandira digiri, kawirikawiri safikira m'mizinda ikuluikulu ngati New York, koma m'matauni aang'ono amene moyo wake wonse umadalira yunivesite. Chitsanzo ndi East Lansing m'chigawo cha Michigan, kumene kuli Michigan State University, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 1855 ndipo ili ndi ophunzira pafupifupi 50,000. Monga mmene ntchito ya pa esiteti ya tiyi imatsatira nyengo yothyola masamba, tauni yotereyi imadzaza ndi kuphwa potsatira kalendala ya sukulu, choncho ulendo wanu uyambire pa kalendalayo.

Kumapeto kwa Ogasiti ophunzira amafika onse pakamodzi, ndipo mu Meyi makolo amabwera ku mwambo wolandira madigiri. Pa nyengo ziwirizi malo ogona amasowa ndipo mitengo imakwera, kotero sungitsani chipinda kudakali miyezi ingapo. Zimakhalanso chimodzimodzi Loweruka lililonse la pakati pa Seputembala ndi Novembala limene timu ya sukulu ikusewera pakhomo mpira wawo wonyamula m'manja uja, pakuti bwalo la Spartan Stadium limalowa anthu oposa 70,000. Koma pa chikondwerero cha Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la Novembala, ophunzira amapita kwawo, masitolo ambiri amatseka, ndipo mlendo amene sanaguliretu chakudya akhoza kugona ndi njala.

Pasipoti ndi kalata ya sukulu, kaya ndi I-20 ya viza ya ophunzira ya F-1 kapena DS-2019 ya viza ya J-1 ya obwera pa mapulogalamu osinthana ophunzira ndi akatswiri, zikhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa a zolowa ndi kutuluka amazifunsa musanatenge katundu wanu. Wophunzira amaloledwa kulowa m'dzikolo masiku osapitirira 30 maphunziro asanayambe. Malamulo a viza amasinthasintha, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe musanagule tikiti ya ndege.

Achibale sangalole kuti munyamuke chimanjamanja, koma nanazi wa ku Mulanje, mapeyala, nyama yowamba ndi mbewu zodzala musiye kunyumba, pakuti zimalandidwa pa bwalo la ndege. Tiyi wa m'paketi yosatsegula savuta. Chachikulu n'chakuti chakudya chilichonse chimene mwatenga muchiulule mukafunsidwa, popeza amene wabisa amalipitsidwa chindapusa pomwe amene waulula amangolandidwa chinthucho basi. Za nsima musade nkhawa: ufa woyera wa chimanga umapezeka m'masitolo ogulitsa zakudya za anthu ochokera kunja, ngakhale kuti sufika pa ufa wa kuchigayo kwathu.

Nkhani ya kuzizira ndiyo imene ife timaipeputsa kwambiri. Munthu amene anakulira m'mphepete mwa phiri la Mulanje amadziona ngati katswiri chifukwa anazolowera chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imaphimba minda ya tiyi ndipo kamvula kamawaza tsiku lonse. Kuzizira kwa ku Michigan mu Januwale n'kwina. Madzi amaundana panja, mphepo imaluma makutu ndi zala mpaka kuchita dzanzi, ndipo pofika 6 koloko madzulo kunja kumakhala kutayamba kale kuda. Jekete yochindikala, nsapato zosalowa madzi, magolovesi ndi chipewa chophimba makutu mukagule komweko, chifukwa zimene timapeza pa kaunjika wa ku Luchenza kapena ku Limbe nthawi zambiri zimachepa mphamvu. Valani zovala zingapo zosanjikiza kuti muzitha kuvula zina mukalowa m'nyumba, momwe mumakhala motentha ndi makina. Dziwaninso kuti iwo amayeza kutentha mu Fahrenheit, ndiye mukamva kuti kunja kuli madigiri 32 musaganize za dzuwa la mu Okutobala, pakuti pamenepo ndi pamene madzi amaundana.

Pa ndalama pali misampha iwiri. Mtengo wolembedwa pa katundu sukhala ndi msonkho, umene ku Michigan ndi 6 peresenti, motero munthu amene wanyamula juzi ya madola 20 ali ndi madola 20 okha m'manja amachita manyazi pa kauntala akauzidwa kuti alipire madola 21.20. Wachiwiri ndi ndalama yothokozera wokutumikirani m'lesitilanti yokhala pansi. Imeneyi si mphatso ya chifundo ayi, ndi gawo lalikulu la malipiro ake, ndipo mwambo ndi kuwonjezera 15 mpaka 20 peresenti pa bilu. Kunenerera mtengo monga timachitira pa msika wa Bvumbwe kulibe m'masitolo.

Magalimoto amayenda kumanja kwa msewu, choncho powoloka yambani kuyang'ana kumanzere. Mabasi amaima pa masiteji ake okha ndiponso pa nthawi yolembedwa. Sali ngati minibasi imene mumaikweza dzanja paliponse. Magetsi ndi a mavoti 120 ndipo pulagi yathu ya mano atatu silowa m'masoketi awo, kotero mufunika adaputa. Polemba deti amayamba ndi mwezi, ndiye 3/8 ndi pa 8 Malichi, osati pa 3 Ogasiti. Mowa sagulitsa kwa munthu wosakwana zaka 21. Pakagwa ngozi imbani 911, ndipo musayende popanda inshuwalansi ya zaumoyo, chifukwa chipatala ndi ambulansi yomwe n'zolipira, pa mitengo yoti munthu akhoza kugulitsa munda.

Khalidwe lawo nalonso limafuna kuzolowera. Munthu akakupatsani moni akudutsa sayembekezera kuti muime n'kumufotokozera mmene kwachera kunyumba. Yankho lalifupi likwanira, ndipo si mwano. Kungofika pakhomo pa munthu n'kuodira musanapangane sikuloledwa, ngakhale akhale mnzanu wa m'kalasi. Mukaitanidwa ku chakudya funsani ngati muyenera kubweretsa kanthu, pakuti pa maphwando ambiri a ophunzira aliyense amabwera ndi chakudya choti onse agawane. Mphunzitsi wamkulu mumutchule ndi udindo wake kufikira iye mwini atakuuzani kuti mugwiritse ntchito dzina lake loyamba, ndipo mukapangana 2 koloko, mufike isanakwane.

Poimbira foni kumudzi kumbukirani kuti Malawi ali patsogolo pa Michigan ndi maola 6 kuyambira mu Malichi, ndi maola 7 kuyambira mu Novembala, popeza iwo amasuntha mawotchi kawiri pa chaka. Mukadikira kuti muweruke madzulo mudzadzutsa amayi pakati pa usiku, choncho imbani nthawi ya nkhomaliro, pamene kuno anthu akudya mgonero.