Mmene mungawonjezere feature pa web app ya open source mpaka eni ake ayilandire

Achinyamata ambiri amene akuphunzira coding kuno ku Johannesburg, kaya ku WeThinkCode kaya paokha pa YouTube usiku akaweruka kuntchito, amafika poti ma tutorial sakuwathandizanso, munthu ukutha kupanga ka to-do list kako koma ukangotsegula project yeniyeni ya anthu ena mutu umazungulira. Nde tiyeni tiyende limodzi ndi chitsanzo choti tonse tikuchidziwa, magulu athu osonkha ndalama za maliro aja.

Tinene kuti gulu lanu la ku Rosettenville limasonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya thupi lipite kumudzi, ndipo mlembi watopa ndi kope komanso ma screenshot a pa WhatsApp. Mwapeza pa GitHub web app yaulere yolembera zopereka, yolembedwa mu Django, ikuyenda bwinobwino koma imangodziwa ndalama yamtundu umodzi ndipo nambala ya +265 ikumaikana. Inu mukufuna izilandira rand ndi kwacha yomwe, poti abale ena amasonkha ali ku Mzimba kapena ku Mangochi pa Airtel Money kapena Mpamba. Feature yanu ndi imeneyo basi.

Musanakhudze code tsegulani kaye fayilo ya LICENSE. Ikakhala MIT mutha kuchita nayo pafupifupi chilichonse bola musachotse dzina la mwini wake ndi mawu a layisensiyo. Ikakhala GPL, ngati mmene ilili WordPress, mukagawira anthu ena pulogalamu yomwe mwasinthayo muyenera kuperekanso code yake pa GPL yomweyo. Koma pa ma web app yofunika kuyang'anitsitsa ndi AGPL, chifukwa iyo imati ngakhale simunagawire munthu fayilo iliyonse, mwangoisintha n'kuiika pa server yanu anthu n'kumaigwiritsa ntchito pa intaneti, anthuwo ali ndi ufulu wolandira code yanuyo. Ndipo mukapeza kuti layisensi palibe, amwene musaganize kuti ndi ya aliyense, kuoneka poyera pa GitHub sikuchotsa copyright.

Kenako onani ngati project ili moyo. Commit yomaliza, kutanthauza kusintha komaliza komwe kunasungidwa mu code, inali liti, ma pull request (PR, pempho loti eni ake alandire zomwe munthu wasintha) a anthu ena akuyankhidwa kapena angounjikana chaka chonse popanda wowayang'ana? Ngati eni ake anaisiya kalekale mungotaya nthawi yanu.

Apa ndi pamene ambiri amathamanga, amalemba code sabata yonse kenako n'kuitumiza mwadzidzidzi. Zimenezo zili ngati kuboola khoma la nyumba ya lendi kuti uike windo usanafunse mwini nyumba, windolo litha kukhala labwino ndithu koma mkangano ulipo. Werengani README ndi CONTRIBUTING.md, fufuzani mu ma issue, momwe anthu amalembamo mavuto ndi zopempha zawo, ngati wina anapemphapo kale zomwezi, ndipo ngati palibe tsegulani issue yanu. Mufotokoze vuto, osati code: kuti gulu lathu lili ndi anthu m'mayiko awiri, timalandira ZAR (rand) ndi MWK (kwacha), pano app ikuphatikiza zonse ngati ndalama imodzi, ine ndikufuna kuwonjezera field ya currency, kodi mungailandire? Nthawi zina akuyankhani kuti wina wayamba kale pa branch ina, kapena akuuzani njira ina yomwe simukanaiganiza. Ngati ndinu watsopano zedi yambani ndi issue yolembedwa good first issue kuti muzolowerane nawo.

Akavomera, dinani Fork kuti mukhale ndi kope lanulanu la project pa GitHub, kenako git clone fork yanuyo, n'kupanga git remote add upstream ndi adiresi ya project yoyambirira ija kuti muzitha kukoka zatsopano. Pangani python -m venv venv, muiyatse, pip install -r requirements.txt, python manage.py migrate, kenako python manage.py runserver ndipo app ioneka pa 127.0.0.1:8000. Ngati project imagwiritsa ntchito Docker kapena ili ndi mbali ya npm install, chonde musapange zimenezo pa bundle ya pa foni, zinthu zake ndi zolemera, dikirani mukafike pa Wi-Fi. Ndipo musanasinthe ngakhale chilembo chimodzi pangani python manage.py test. Ngati pali ma test ofeila kale muwadziwe pano, mukapanda kutero mudzavutika usiku wonse kufunafuna cholakwa chomwe si chanu.

Kuwerenga code ya munthu wina musayambire pamwamba mpaka pansi ayi. Tengani chinthu chimodzi, mwachitsanzo fomu yolembera chopereka, muitsatire: mu urls.py muone adiresi yake ikupita ku view iti, view ija ikuitana form iti, form ikusunga mu model iti, ndipo template yomwe ikuonetsa zotsatira ndi iti. git grep amount ikuonetsani malo onse pomwe ndalama ikutchulidwa, ndipo mudabwa kuti ndi ambiri kuposa mmene mumaganizira, mu lipoti la pamwezi, mu CSV, mu email yokumbutsa anthu. Mukaona mzere wooneka wopusa pangani git blame muwerenge commit yake musanauchotse, kawirikawiri pamakhala chifukwa.

Tsopano git switch -c add-currency kuti mupange branch yanuyanu yolembapo, osalemba pa main, yomwe ndi branch yaikulu.

Pa ndalama pano ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amadzayambana pamsonkhano. Choyamba ndalama isasungidwe ngati float. Tsegulani Python mulembe 0.1 + 0.2 muone, ikupatsani 0.30000000000000004, nde tangoganizani zopereka za anthu ambiri chaka chonse. Gwiritsani ntchito DecimalField ndi decimal_places=2. Chachiwiri, field yatsopano ya currency ikhale ndi default, chifukwa mu database ya anthu omwe akugwiritsa kale app muli mizere yakale yomwe ilibe currency, ndipo default imeneyo ichokere mu settings, musaikhomere ZAR mu code poti wina akuigwiritsa ntchito ali ku Nairobi. Chachitatu, chomwe ine ndimaona kuti ndi chachikulu, sungani rate yosinthira kwacha ndi rand pa chopereka chilichonse tsiku lomwe chaperekedwa. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. App yomwe imangotenga rate ya lero n'kuwerengera zakale zonse ikanaonetsa ngati bambo amene anasonkha mokwanira mu October ali ndi ngongole, ndipo mlembi akanavutika kufotokoza. Choncho pa chopereka chilichonse pakhale ndalama yomwe munthu anapereka, mtundu wake, ndi rate ya tsikulo, zitatu zonsezo.

Mukasintha models.py pangani python manage.py makemigrations, mutsegule fayilo yomwe yatulukayo muiwerenge, kenako migrate. Fayilo ya migration imeneyi, yomwe imauza database zoti isinthe, imalowa nawo mu commit, ambiri amaiwala nde kwa iwo zikuyenda koma kwa anzawo app ikugwa.

Za nambala za foni musalimbane ndi kulemba regex yanuyanu. Anthu amalemba 099 kapena 088 poyambira, ena +265, ena 00265, ena amaika mipata pakati. Pali library ya phonenumbers, yochokera ku libphonenumber ya Google, imadziwa nambala za Malawi ndi za South Africa zomwe, ndipo imatha kuzisunga zonse mu E.164, kutanthauza + kenako nambala ya dziko kenako nambala popanda 0 woyamba uja. Koma poti ndi dependency yatsopano, library yomwe app izidalira, funsani kaye mu issue muja, ma maintainer (osamalira project) ena safuna kuchulutsa ma library. Ndipo iyi ikhale pull request yakeyake, osaiphatikiza ndi ya currency. Zing'onozing'ono ziwiri zimadutsa msanga kuposa chimodzi chachikulu chomwe munthu akachiona amati ndidzaona mawa.

Lembani ma test. Osachepera awa: chopereka cha MWK chikusungidwa ndi rate yake, chopereka chakale chopanda currency chikuonekabe bwino, ndipo total siikuphatikiza rand ndi kwacha ngati chinthu chimodzi. Mu ma test ndi ma screenshot muikemo mayina ndi nambala zopeka, osati za anthu a gulu lanu, kuno kuli lamulo la POPIA loteteza zinthu zokhudza munthu payekha monga dzina ndi nambala, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, komanso chomwe chalowa mu git history kuchichotsa ndi ntchito. Chimodzimodzi fayilo ya .env momwe muli password ya database ndi SECRET_KEY, onetsetsani kuti ili mu .gitignore. Ikangopita pa GitHub ngakhale kwa mphindi zochepa isintheni key imeneyo, kungofufuta fayilo sikukwanira.

Muzipanga commit pafupipafupi n'kumapusha ku fork yanu, za magetsi kuno mukuzidziwa, komanso laptop imatha kusowa mu taxi. Uthenga wa commit uzinena chomwe chasintha, osati fix kapena update basi.

Musanatsegule pull request pangani git fetch upstream kenako git rebase upstream/main, ngati branch yawo yaikulu ndi main, mukonze ma conflict, muyendetsenso ma test. Mu PR mutchule nambala ya issue, mufotokoze chomwe mwasintha ndi chomwe simunakhudze, muike screenshot ya pa foni chifukwa anthu athu ambiri app adzaitsegula pa foni osati pa kompyuta. Ngati ali ndi GitHub Actions, zomwe zimayesa code yanu zokha mukatumiza PR, dikirani zitembenuke green, zikafiira tsegulani log muwerenge, nthawi zambiri ndi linter chabe, pulogalamu yoona kalembedwe ka code, ikudandaula za mipata kapena import yosagwiritsidwa ntchito.

Kenako review. Adzalemba ndemanga mzere ndi mzere, mwina zambiri ndithu, ndipo Chingerezi chawo chimakhala chachidule chopanda moni moti kwa ife tinazolowera kuyamba ndi muli bwanji chimamveka ngati mwano, koma ayi ndi mmene amalembera. Konzani, pushani pa branch yomweyo, PR imadzisintha yokha. Pomwe simukugwirizana nazo nenani chifukwa chake mwaulemu, makamaka nkhani ya rate ija, poti munthu amene amakhala dziko lomwe ndalama yake siigwa kawirikawiri mwina sangaone kufunika kwake mpaka mutamupatsa chitsanzo. Akakhala chete dikirani sabata kapena awiri musanakumbutse, ambiri amachita zimenezi mongodzipereka akaweruka kuntchito ngati inu nomwe.

Akakana, fork yanu ilipobe ndipo gulu litha kuigwiritsa ntchito, kungoti ntchito yokoka ma security update kuchokera ku upstream n'kumakonza ma conflict yagwera inu, nde musinthe mafayilo ochepa mmene mungathere. Akalandira, musathamangire kuika pa server ya gulu tsiku lomwelo. Tengani backup ya database, ngati ndi PostgreSQL pg_dump ikwanira, yesani migration pa kope la backup imeneyo, mufanizire total ya mwezi watha ndi yomwe ili m'kope la mlembi, zikagwirizana ndiye muyendetse migrate pa server yeniyeni, ndipo musankhe tsiku lapakati pa mwezi pomwe anthu sakusonkha.