Musanamange nyumba ya lendi kwathu muli kunja

Ngati muli ku Joni kapena ku UK ndipo mukufuna nyumba ya lendi kwathu, yambani mwadzifunsa: ngongole ndikuitenga mu ndalama iti, nanga lendi izidzabwera mu ndalama iti?

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola nkuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Mu Meyi 2022 idali itachepetsanso ndi 25 peresenti. Ndi kugwa kwa kwacha kwa 2023 kokhako, lendi yomwe inkakwana madola 100 idangotsala madola pafupifupi 70, pomwe banki yakunja imafunabe ndalama zake zonse pakutha pa mwezi. Lendiyo simungaikweze tsiku lomwelo, poti malipiro a wokhala m'nyumbayo sadakwere. Kukongola kwathu nako nkowawa: mu 2024 chiwongoladzanja cha banki yaikuluyi chidafika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amawonjezerapo chawo. Lendi ya nyumba wamba singabweze ngongole yotere. Ine ndimati mangani ndi zomwe mwasunga, pang'onopang'ono, ngakhale zitenge zaka.

Pa malo musathamange, abale. Pezani loya wanuwanu, osati amene wakulozerani wogulitsa, akafufuze ku ofesi ya Lands ngati malowo alidi a wogulitsayo komanso ngati sadaikidwe chikole kubanki. Saveya akaone mabikoni ngati akugwirizana ndi mapu. Mapepala atuluke m'dzina lanu, osati la achimwene kapena amalume, chifukwa maliro akagwa ana awo adzati ndi chuma cha bambo awo. Ngati mudatenga pasipoti ya dziko lina, konzani kaye za unzika: malamulo a malo a 2016 amapanikiza anthu omwe si nzika, koma kuyambira 2019 Malawi amalola unzika wa mayiko awiri.

Ndalama zomangira musatumize zonse pakamodzi. Lipirani fawundeshoni, muone pa vidiyo. Khoma likafika pa lintala, muonenso, kenaka denga. Simenti ndi malata lipirani nokha kwa wogulitsa, risiti akutumizireni pa WhatsApp. Woyang'anira ntchito muzimulipira ndithu, ngakhale ali mbale wanu, kuti muzitha kumufunsa mosachita manyazi.

Zogula nyumba yakale, kuikonza nkuigulitsa msanga, zimafuna munthu woti ali pompo tsiku ndi tsiku. Muli kutali, zisiyeni.

Powerengera phindu, chotsani miyezi yomwe nyumba ikhale yopanda munthu, penti ndi mipope yothyoka, msonkho wa kukhonsolo, lendi ya malo ngati ndi a lizi, msonkho wa MRA ndi gawo la ejenti. Wolowa m'nyumba asayine pangano, apereke dipoziti, ndipo lendi izilowa mu akaunti ya dzina lanu.