Kukonzekeretsa okalamba a m'zilumba namondwe asanafike

M'maiko a zilumba okalamba akuchuluka pamene owasamalira akuchepa. Ku Japan anthu pafupifupi 29 mwa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Ku Tonga ndi ku Samoa achinyamata ambiri amapita kuntchito ku New Zealand ndi Australia, makolo n'kutsala okha pakhomo. Ngozi ikagwa, ovutika kwambiri amakhala iwowa: pa tsunami (mafunde aakulu a m'nyanja obwera ndi chivomezi) ya mu 2011 ku Japan, oposa theka la amene anamwalira anali a zaka 60 kupita m'tsogolo.

Yambani ndi kaundula. Nyengo ya namondwe isanafike, lembani wokalamba aliyense, matenda ake, mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati amayenda yekha, ndi ndodo kapena pa njinga ya olumala. Dziko la Japan linalamula maboma a m'madera kusunga kaundula wotere mu 2013. Koma dzina papepala silinyamula munthu. Wokalamba aliyense akhale ndi omuthandiza awiri oyandikana naye nyumba, chifukwa mmodzi akhoza kukhala kunyanja kapena kuntchito pa tsikulo. Kunja kukadali bata, yendani naye njira yopita kumtunda, muone nthawi imene akutenga komanso pamene akupumira. Oyenda movutikira asamutsidwe chenjezo loyamba likangoperekedwa, kunja kusanade.

Mankhwala akhale okwana masabata awiri, m'pepala lapulasitiki losalowa madzi, chifukwa doko likawonongeka sitima zimachedwa. Insulin, mankhwala a matenda a shuga, imawonongeka ndi kutentha. Botolo lotsegulidwa limagwira ntchito pafupifupi masiku 28 likasungidwa pansi pa madigiri 30, choncho magetsi akazima lisungeni pamthunzi pozizira. Magalasi, mano oikirira ndi mabatire a chothandizira kumva aziikidwa m'chikwama chimodzi ndi mankhwalawo.

Choopsa chimene ambiri amaiwala chili kumsasa kwenikweniko kumene anthu amathawira ngozi ikagwa. Pa chivomezi cha ku Kumamoto, ku Japan, mu 2016, amene anamwalira pambuyo pake anachuluka kuposa ophedwa ndi chivomezicho, ambiri a iwo okalamba. Chimbudzi chikakhala patali, agogo amachita dala kuchepetsa kumwa madzi, ndipo ludzu salimva msanga. Thupi limauma, magazi n'kuundana m'miyendo chifukwa chokhala malo amodzi. Agonekeni pafupi ndi chimbudzi, pabedi lokwera osati pansi. Apatseni madzi pang'onopang'ono, okwana lita imodzi ndi theka patsiku kupatula amene dokotala anawachepetsera, ndipo masana aziimirira n'kuyendako maola awiri alionse.