Momwe wogwira ntchito yokhala pampando angabwezeretsere mphamvu m'thupi

Makolo athu sankapatula nthawi yochita masewero olimbitsa thupi, chifukwa khasu, mtondo, ulendo wa kuchitsime ndi mtolo wa nkhuni zinkawagwirira ntchito imeneyo tsiku ndi tsiku. Munthu wa m'tauni lero amadzuka n'kukwera minibasi kapena kabaza, n'kukhala pampando kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, koma akafika pachakudya mitanda ya nsima yomwe amadya imafanana ndi ya mlimi amene wakhala akuunga mizere tsiku lonse. Limodzi mwa mavuto omwe moyo wotere ungabweretse linaoneka kale pa kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2009, yemwe anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka za pakati pa 25 ndi 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kuyenda kumene ntchito ya masiku ano yatilanda tiyenera kukubwezeretsa mwadala, pang'onopang'ono, ndipo sipafunika ndalama ya jimu kuti zimenezi zitheke.

Musanayambe, pitani kuchipatala chapafupi mukayezetse kuthamanga kwa magazi (BP) ndi shuga, ndipo mulembe manambalawo m'kabuku pamodzi ndi kulemera kwa thupi lanu ndi kukula kwa chiuno. BP yomwe ikufika pa 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana imatengedwa kuti ndi yokwera, ndipo nthawi zambiri siipweteka paliponse. Ngati muli ndi matenda a mtima kapena a shuga, muli oyembekezera, kapena mumamva kupweteka pachifuwa mukakwera chitunda, kambiranani ndi dokotala musanachite chilichonse chotulutsa thukuta.

Malangizo a WHO a m'chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita zinthu zotakasa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso azilimbitsa minofu kwa masiku osachepera awiri. Mphindi 150 zimamveka zambiri, koma ndi kuyenda mwandawala kwa theka la ola kwa masiku asanu basi. Njira yodziwira ngati mukuyenda pa liwiro loyenera ndi yapafupi: muzitha kuyankha moni ndi kucheza pang'ono ndi mnzanu, koma musathe kuyimba nyimbo yonse osapumira. Ngati mungathe kuyimba, onjezani liwiro, ndipo ngati mukulephera kutulutsa mawu chifukwa cha wefuwefu, chepetsani. Sabata yoyamba yambani ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu patsiku, kenako muziwonjezera mphindi zisanu sabata iliyonse, chifukwa amene amayamba ndi kuthamanga makilomita asanu tsiku loyamba amadzuka miyendo italemera, mawondo akupweteka, ndipo pofika Lachitatu nsapato zija zimakhala zabwerera kunsi kwa bedi.

Nthawi yoyendayo muipeze mkati mwa zochita zanu za kale, chifukwa nthawi yochita kuwonjezera pamwamba pa tsiku lodzaza kale ndi yomwe imayamba kusowa. Tsikani minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike kuntchito, pitani kumsika pansi ngati ulendo wake sukupitirira makilomita awiri, ndipo muofesi muziimirira n'kudziongola ola lililonse m'malo motuma mthenga pa chilichonse. Anthu a ku Blantyre ndi Zomba ali ndi mwayi wa zitunda, zomwe zimagwiritsa ntchito mtima mokwanira ngakhale ulendo uli waufupi, pomwe a ku Lilongwe, komwe malo ambiri ndi athyathyathya, ayenera kudalira liwiro ndi kutalika kwa mtunda. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mutatenga madzi akumwa. M'mphepete mwa msewu wopanda njira ya oyenda pansi muziyenda moyang'anizana ndi galimoto zomwe zikubwera, mutavala chovala chowala, ndipo kukada musayende nokha.

Kulimbitsa minofu sikufuna zitsulo. Chigubu cha malita asanu chodzaza madzi chimalemera makilogalamu asanu, ndipo zigubu ziwiri zotere n'zokwanira kulimbitsa mikono ndi mapewa. Kukhala pampando n'kudzuka osagwira paliponse kakhumi, kupuma pang'ono n'kubwerezanso kawiri, kumalimbitsa ntchafu ndi matako, zomwe zimathandiza mawondo ndi msana pamene zaka zikupita. Amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba aziwerengera kulima ndi kuthirira ngati mbali ya masewerowa.

Chovuta chachikulu, m'kuona kwanga, chili m'maganizo ndi m'kamwa mwa anthu. Kwathu kuno kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira, ndipo mimba yotuluka imatengedwa ngati umboni woti zinthu zikuyenda, pomwe munthu akangotsika thupi abale amayamba kunong'onezana ndi kufunsa ngati ali bwino. Bambo amene ali ndi galimoto akaoneka akuyenda pansi, ena amaganiza kuti mafuta amuthera, ndipo mayi wovala zothamangira amayang'anidwa ndi mudzi wonse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho konzekeranitu yankho lalifupi, monga lakuti adokotala anakulangizani, ndipo auzeni a m'nyumba mwanu cholinga chanu poyambirira pomwe kuti asadabwe thupi likayamba kusintha. Kupeza mnzanu mmodzi woyenda naye kumathandiza kawiri, popeza maso a anthu sakulemerani mukakhala awiri, komanso n'kovuta kugonereza pamene wina akukudikirani pageti. Mukadumphitsa masiku chifukwa cha maliro, chinkhoswe kapena mvula, musaone ngati zonse zawonongeka. Pitirizani tsiku lotsatira kuchokera pomwe munalekezera. Ndipo musaweruze ntchito yanu ndi sikelo yokha, chifukwa kugona bwino, kukwera masitepe osapuma ndi kutsika kwa BP zimayamba kuoneka sikelo isanasunthe.

Pa nkhani ya chakudya, simukuyenera kusiya nsima. Chepetsani mitanda, sankhani mgaiwa pomwe mungathe, ndipo ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso, pamodzi ndi nyemba kapena usipa, zitenge malo aakulu m'mbale, mogwirizana ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu asanu, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndipo muyezo umenewu ukuphatikizapo mchere wobisika m'buledi, m'soseji ndi m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Shuga wa mu tiyi muzimuchepetsa ndi theka la sipuni sabata iliyonse kuti lilime lizolowere, ndipo tchipisi, mandasi, kanyenya ndi zakumwa zotsekemera zikhale za apo ndi apo.

Thupi lomwe likugwira ntchito limafunanso kupuma, ndipo munthu wamkulu amafunika tulo ta maola osachepera asanu ndi awiri. Ikani foni patali ndi bedi, ndipo mauthenga a pa WhatsApp a kuntchito omwe afika usiku adikire m'mawa ngati sali a mwadzidzidzi. Nkhawa za fizi, lendi ndi abale opempha thandizo sizitha ndi kuyenda, koma zimapepukako mukakhala pansi ndi akunyumba kwanu pakutha pa mwezi n'kugwirizana ndalama yomwe mungathe kuthandizira ena popanda kulowa m'katapila. Ngati kusowa tulo, kukhumudwa kapena kusafuna kuonana ndi anthu kwapitirira masabata awiri, kafotokozeni kuchipatala monga momwe mungafotokozere malungo. Pakatha miyezi itatu bwererani mukayezetsenso BP ndi shuga, muyerekeze ndi manambala a m'kabuku kaja, ndipo ngati munapatsidwa mankhwala musawasiye panokha ngakhale manambalawo atatsika, mpaka dokotala atakuuzani kutero.