Mazira choyamba, chiberekero pambuyo: mmene ndinayendera ndi adenomyosis pa IVF

Ndinatha msinkhu ndili ndi zaka 13, ndipo cham'mimba chinandilandira mwezi woyamba womwewo. Azakhali ankati chidzatha ndikadzabereka. Ndinafika zaka 36, pabanja zaka 7 kuno ku Johannesburg, mwana osabwera, cham'mimba osatha. Tsiku lina dokotala anatembenuzira kwa ine sikirini ya makina ojambulira. Chiberekero changa chinali chofufuma ngati mpira, khoma lakumbuyo lonenepa kuposa lakutsogolo. Anati ndi adenomyosis. Ndinamupempha andilembere papepala, chifukwa lilime langa linakana.

Mkati mwa chiberekero muli kansalu kofewa kamene kamakula mwezi uliwonse n'kuyoyoka ngati msambo. Kuseri kwake kuli mnofu wolimba umene umakankha mwana pobereka. Pa adenomyosis, tizidutswa ta kansalu kaja timamera mkati mwa mnofuwo. Mwezi ukakwana natonso timakha magazi, koma potulukira palibe. Mnofu umatupa, chiberekero chimakula, msambo umachuluka, ndipo mluza umavutika kugwira. Ukagwira, mwayi wopita padera umakhala wokulirapo. Chakudya cha matendawa ndi estrogen, imodzi mwa mahomoni a amayi. Ligwireni dzina limeneli, chifukwa pa IVF, njira yokumanitsa mazira ndi umuna kunja kwa thupi kenako n'kubwezera mluza m'chiberekero, majakisoni okulitsa mazira amakweza estrogen yemweyo kwambiri. Vuto lathu lonse lagona pamenepo: mankhwala okuthandizani kupeza mazira ndi omwewo akudyetsa mdani m'chiberekero.

Muyambe ndi kujambulitsa koyenera. Sikani ya pamimba, yopaka mafuta ozizira ija, imaphonya zambiri. Kwa zaka zinayi ndinkauzidwa kuti ndili ndi mafaibroidi basi, zotupa zomera mu mnofu wa chiberekero. Pemphani sikani yolowetsa kachipangizo kunjira ya amayi, kwa munthu wozolowera kuona matendawa. Ali pomwepo mufunseni: kodi yamwazikana khoma lonse, kapena yaunjikana malo amodzi ngati chotupa? Kodi pali endometriosis (pamene tizidutswa ta kansalu kaja tamera kunja kwa chiberekero) kapena mafaibroidi, popeza zitatuzi zimakonda kuyendera limodzi? Ngati pali kukayika, sikani ina yotchedwa MRI imathandiza; amayeza kunenepa kwa malire a kansalu ndi mnofu, ndipo akafika mamilimita 12 kapena kuposa, ambiri amati ndi yomweyo. Zithunzi ndi malipoti onse sungani nokha mu faelo, kuphatikizapo pa foni.

Abambo akunyumba nawo akayezetse umuna sabata yomweyo. Musalole kuti dzina la matenda anu likhale pobisalira iwo. Athu anazengereza miyezi iwiri, ati ntchito, mpaka ndinakawasungitsira tsiku ndekha.

Chachiwiri ndi magazi, ndipo ichi ndi chimene ambiri timachinyozera. Ndinkasintha padi ola lililonse masiku awiri oyamba, n'kumatulutsa zibuma, ndiye n'kumadabwa kuti ndikukwera masitepe a pa flat ndikupuma ngati ndathamanga. Hemoglobin wanga, muyeso wosonyeza ngati magazi ndi okwanira m'thupi, anali 9, pomwe mayi wosayembekezera amafunika 12 kupita m'mwamba. Muuze dokotala ayezenso ferritin, amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, chifukwa amatha kale hemoglobin asanatsike. Mapiritsi a ayironi musamwere tiyi. Ine ndinachita zimenezo mwezi wathunthu, piritsi m'kamwa, kapu ya tiyi wamkaka pamwamba, osadziwa kuti tiyi ndi mkaka zimatsekereza ayironi kulowa. Mwerani madzi kapena madzi a malalanje, tiyi adikire maola awiri. Chimbudzi chimada ndiponso chimalimba, musadabwe. Chiwindi, nyemba, bonongwe ndi usipa zimathandiza, koma ngati mwatsika kwambiri mbale yokha siikwanira. Ena amapatsidwa ayironi wa m'dripi. Folic acid yambani musanatenge pakati.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya dongosolo.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa ndine. Ndinabaya majakisoni masiku 11, anachotsa mazira, patatha masiku asanu tinali ndi miluza itatu yabwino. Dokotala ananena modekha kuti ndi bwino tiiumitse yonse mu ayezi, tidikire. Ine ndinakana. Ndalama zinali zangongole, apongozi anali atayamba kale zoimba foni Lamlungu lililonse kufunsa ngati "kuli nkhani", ndipo ndinkafuna kutuluka pachipatala paja ndili ndi kanthu m'mimba. Anaika umodzi. Chiberekero chinali chitangomwa estrogen wa masabata awiri, chotupa, cholemera ngati ndameza mwala. Patatha masiku khumi magazi anayankha kuti palibe.

Ulendo wachiwiri tinachita motere, ndipo ndi mmene ndikanayambira ndikanamva.

Mazira atengedwe kaye. Amayeza AMH m'magazi kuti aone nkhokwe yanu ya mazira yatsala bwanji. Ngati zaka zapita kapena AMH ndi yotsika, musayambe ndi miyezi yogoneka chiberekero ndi mankhwala ozimitsa estrogen, chifukwa mazira sadikira munthu, komanso mankhwala ogonekawo akakhala nthawi yaitali mabasiketi a mazira amachedwa kudzuka. Ngati thumba likulola, ena amachotsa mazira kawiri kuti asonkhanitse miluza yokwanira. Yonse iumitsidwe. Mluza wouma sukalamba. Wa zaka 36 umakhalabe wa zaka 36 ngakhale mwini wake afike 38.

Kenako chiberekero chigonekedwe. Amagwiritsa ntchito jakisoni wa pamwezi, Zoladex wa 3.6 mg kapena Lucrin wa 3.75 mg, amene amazimitsa estrogen ngati kuti mwasiya kusamba. Ine ndinabayidwa miyezi itatu; ena iwiri, ena mpaka isanu ndi umodzi, ndipo madokotala ena amawonjezera mapiritsi a letrozole. Madokotala samvana onse pa kutalika kwake, ngakhale pa amene akufunikiradi njirayi, ndiye funsani wanu chifukwa chimene wasankhira miyezi imene wanenayo. Sikani isanayambe ndi itatha miyeziyo ikusonyezani ngati khoma laphwa. Langa linaphwa mooneka ndi maso.

Zoladex si jakisoni wamba. Ndi kanjere konga mpunga kamene amakalowetsa pansi pa khungu la pamimba ndi singano yonenepa ngati chitsulo cha bolopeni. Pemphani akuikireni ayezi kapena mafuta ochititsa dzanzi kaye. Sabata yoyamba kapena ziwiri ululu ukhoza kukula ndipo mukhoza kuona magazi, chifukwa mankhwalawa amayamba akweza mahomoni asanawagwetse. Palibe anandichenjeza, ndinalira usiku wonse poganiza kuti zakanika. Zikatero kumabwera kutentha. July wa ku Johannesburg mukumudziwa, madzi amaundana pa galasi la galimoto, koma ine ndinkadzuka 2 koloko usiku chitenje chili chonyowa, zenera lotsegula, abambo atadzikulunga mabulangete atatu akunjenjemera. Mutu unkapweteka, kuuma kunjira ya amayi, ndi mkwiyo wosadziwika kochokera. Ndinakalipira mwana wa eni pa tilu chifukwa cha chenji cha R2. Achenjezeni a m'nyumba mwanu zisanayambe. Zikafika posapiririka, pali timankhwala tobwezera mahomoni pang'ono timene dokotala angakupatseni. Kupitirira miyezi 6 mafupa amayamba kufooka, n'chifukwa chake sakusiyani pamenepo mpaka kalekale. Chokoma chake n'chakuti kwa nthawi yoyamba kuchokera ku pulayimale ndinatha miyezi iwiri osagula mapadi.

Pomaliza, mluza ubwezedwe umodzi. Mtima umati aike awiri, mapasa n'kuthana nazo kamodzi. Koma chiberekero cha adenomyosis chili kale pa chiopsezo chobereka masiku asanakwane, ndipo mapasa amawonjezera katundu pa denga lothyoka kale. Progesterone, homoni yothandiza mluza kugwira, amene akupatseni, kaya woika kunjira ya amayi kaya wobaya, musamusiye chifukwa mwaona timadontho ta magazi. Imbani foni kaye.

Za ululu, mankhwala amasintha malinga ndi pamene muli pa kalendala. Pamasiku a msambo, ibuprofen kapena Ponstan amagwira bwino mukayamba msanga, ululu usanakhazikike, mutadya. Cyklokapron amachepetsa magazi, amamwedwa masiku ochepa a msambo wambiri okha, ndipo ngati munadwalapo matenda a kuundana kwa magazi m'mitsempha munene. Koma pafupi ndi nthawi yotulutsa dzira, yochotsa mazira, kapena mluza utabwezedwa, ibuprofen ndi abale ake ikani patali pokhapokha dokotala atalola. Panado ndiye mnzanu. Botolo la madzi otentha ndinkagona nalo pa msambo, koma mluza utalowa ndinalisiya. Mirena, lupu ya mahomoni yoika m'chiberekero, ndi mapiritsi a Visanne zimathandiza kwambiri matendawa, kungoti simungatenge pakati muli nazo, ndiye ndi za nthawi yodikira, monga pamene mukusonkhanitsa ndalama.

Wina akakuuzani za opaleshoni yodula mbali yodwalayo, musavomere tsiku lomwelo. Adenomyosis ilibe malire ooneka ngati faibroidi imene amangoisenda n'kuichotsa. Kudula kumasiya chipsera pakhoma, chimene chikhoza kung'ambika mimba ikakula. Kwa ena amene yaunjikana malo amodzi kumathandiza, koma kamveni kaye kwa dokotala wachiwiri. Ndipo amene angakuuzeni kuti mankhwala ake ndi kuchotsa chiberekero sakunama, kungoti akuyankha funso limene inu simunafunse.

Mabotolo ochokera kumudzi adzabwera, a basi adzakupatsirani ku Park Station pamodzi ndi ufa ndi chambiko. Amayi anga anatumiza mizu "yotsuka m'mimba". Ndinathokoza, ndinaika m'kabati. Simudziwa muli chiyani, ndipo zina zimautsa chiberekero kapena kulemetsa chiwindi pamene chikulimbana kale ndi mahomoni. Pemphero sindinasiye. Koma amene tinawauza masiku enieni ulendo wachiwiri anali mchemwali wanga yekha, kuti Lamlungu foni ikalira ndisamayankhe mafunso a anthu khumi.

Zing'onozing'ono zingapo. Majakisoni ena amafuna furiji, ndiye magetsi akamathimathima khalani ndi kabokosi kozizira ndi ayezi, koma mankhwala asakhudze ayeziyo, akaundana atha ntchito. Jakisoni womaliza wokhwimitsa mazira amabayidwa pafupifupi maola 36 asanawachotse. Akati 9 koloko usiku ndi 9 koloko, osati nthawi yachimalawi. Posankha chipatala onani ngati chili pa mndandanda wa SASREG, bungwe loona za chithandizo cha kubereka kuno, ndipo mufunse mtengo wonse papepala, kuphatikizapo kuumitsa, kusunga pachaka ndi kubwezera mluza. IVF imadya ma rand masauzande makumimakumi, ndipo medical aid yanga sinalipireko. Zipatala zaboma monga Steve Biko ku Pretoria, Groote Schuur ndi Tygerberg ku Cape Town zili ndi nthambi zothandiza osabereka, mukhoza kufunsako za mtengo ndi mzere wake.

Mluza wachiwiri unagwira. Ndikulemba izi ndili ndi masabata 22, wachitatu akadali mu ayezi. Adenomyosis sithera pa mizere iwiri ija ya kachipangizo koyezera mimba. Kusikelo ndinanena tsiku loyamba, ndipo anailemba pamwamba pa khadi, chifukwa imakweza chiopsezo cha BP ya pakati, mwana kukhala mopingasa, kubadwa msanga, ndi kutaya magazi ambiri pobereka. Amandiyeza BP ulendo uliwonse, ayironi ndikumwabe. Ngati mukuganiza zokachirira kumudzi, dzinali lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala ndi zilembo zazikulu, ndipo mukachirire pamene pali fiyeta ndi magazi osungidwa. Amayi anga amafuna ndipite ku Ntcheu mu miyezi yomaliza. Ndawauza kuti tikiti ya basi ndiwagulira iwowo.