Kusankha difu yoyenera kuti galimoto izinyamuka msanga

Madalaivala ambiri a makombi ndi mapikapu kuno ku Harare ali ndi dandaulo limodzi, lakuti galimoto ikulemera ponyamuka. Maloboti akatsegula pa Seke Road anzako apita kale, iwe ukulimbanabe ndi giya yoyamba. Ukasenza matomato a ku Mutoko kupita nawo ku Mbare Musika, kachitunda kakang'ono kokha kakubweza ku giya yachiwiri. Pagalaja sipalephera kupezeka wina wokuuza kuti ungoika difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala a kumbuyo) yokoka, mavuto atha. Malangizowo si abodza ayi, koma ndi osakwanira, ndipo munthu akawatsata osawerengera bwino amathera ndalama pa mafuta ndi pa injini. Difu siiwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono. Chimene imachita n'kusinthanitsa: mukafuna kukoka kwambiri mulipira ndi liwiro, mukafuna liwiro mulipira ndi kukoka. Choncho funso loyamba, abale anga, ndi lakuti galimoto yanu imagwira ntchito yanji tsiku ndi tsiku.

M'kati mwa difu muli magiya awiri amene akutikhudza. Yaing'ono, pinion, imazunguzidwa ndi propshaft, chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi. Yaikulu, crown wheel, ndiyo imatembenuza matayala. Nambala imene amakaniko amatchula ija, 4.10 kapena 4.56, imapezeka pogawa mano a crown wheel ndi mano a pinion. Mano 41 pa mano 10 ndi 4.10, mano 43 pa 10 ndi 4.30, mano 41 pa 9 ndi 4.56; mano 39 pa 8 ndi 4.88. Manambala anayiwa ndi amene amapezeka kawirikawiri pa Toyota Hilux ndi Hiace zakale. Tanthauzo la 4.10 ndi lakuti propshaft izungulire kanayi ndi kachidutswa kuti tayala lizungulire kamodzi. Nambala ikakula, injini imazungulira kambiri pa mtunda womwewo, ndipo tayala limakankha pansi mwamphamvu. Amene anapalasapo njinga ya magiya akudziwa: pachitunda umaponya tcheni pa giya yaikulu ya kumbuyo, miyendo imapepukidwa, koma ukafika pachidikha umangopalasa ngati wamisala njinga osathamanga.

Tiwerengere pamodzi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.30, mphamvu yokankha pa tayala imakwera ndi pafupifupi 5 peresenti m'giya iliyonse. Kupita pa 4.56 imakwera ndi 11 peresenti, ndipo kupita pa 4.88 imakwera ndi 19 peresenti. Kuzungulira kwa injini nakonso kumakwera ndi muyeso womwewo, osachepa osapitirira. Titenge tayala la 195R15C limene makombi ambiri amavala. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 69, ndiye likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.18. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, tayalalo limazungulira pafupifupi ka 765 pa mphindi. Tinene kuti giya yanu yachisanu ndi ya 0.85 (injini imazungulira ka 0.85 kuti propshaft izungulire kamodzi); yang'anani m'buku la galimoto yanu chifukwa magiyabokosi amasiyana. Mukachulukitsa 765 ndi 0.85 kenako ndi nambala ya difu, mupeza kuti pa 4.10 injini ili pa 2,670 rpm (kuzungulira pa mphindi imodzi), pa 4.30 ili pa 2,800, pa 4.56 ili pa 2,970, ndipo pa 4.88 yafika pa 3,170. Masamu amenewa achiteni papepala musanapite kukagula chilichonse.

Tsopano taganizirani injini za dizilo zopanda turbo monga 3L ndi 5L, zimene zadzaza m'makombi akale. Zimakoka kwambiri zikakhala pafupi ndi 2,400 rpm, ndipo zikadutsa 4,000 zafika kumapeto. Kuiyendetsa injini yotere pa 3,200 rpm kwa maola angapo ndi kuizunza: imatentha, imalira, imamwa dizilo, ndipo imakalamba msanga. Kwa munthu wa kombi ya m'tauni, woyenda pakati pa Copacabana ndi Mufakose kapena Dzivarasekwa, amene amaima n'kunyamuka kosalekeza ndipo kawirikawiri sadutsa makilomita 60 kapena 80 pa ola, difu ya 4.56 ingathandize ndithu. Galimoto imanyamuka osapsereza kilachi, ndipo nthawi zina mafuta sakwera n'komwe popeza phazi silikhala pansi nthawi zonse. Koma kwa inu amene mumanyamula katundu wa abale kupita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 600, ndikukupemphani, ganizirani kawiri. Msewu umenewo ndi wautali, ndipo chigwa cha Zambezi ku Tete n'kotentha koopsa. Difu yokoka kwambiri kumeneko ikudyerani phindu lonse. Kwa ambiri a inu kukwera sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.30, kapena pa 4.30 kupita pa 4.56, n'kokwanira.

Palinso china chimene anyamata okonda liwiro sachiganizira. Difu ikakhala yokoka kwambiri, giya iliyonse imatha msanga. Giya yoyamba imangokhala ya mamita ochepa, kenako dzanja lili pa giya, phazi pa kilachi, ndipo nthawi yonse imene mukusintha giya galimoto siikukoka. Pa injini ya petulo imene imazungulira mpaka 6,000 rpm, monga ya Mark II kapena Altezza, vutoli ndi lochepa. Pa dizilo limaoneka msanga. Komanso pikapu yopanda katundu kumbuyo, pamsewu wonyowa wa mu January, ikapatsidwa mphamvu yochuluka pa tayala imangoterereka m'malo monyamuka.

Musanaloze chala difu, onetsetsani kuti vuto silili kwina. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera, kutanthauza kuti galimoto imene inatsika m'sitima ku Durban kapena ku Dar es Salaam ikafika kuno yataya kale pafupifupi 15 peresenti. Izi sitingazisinthe, ndipo ndi chifukwa chimodzi chomveka chokwezera nambala ya difu pang'ono. Za turbo, monga 2KD ya mu Quantum, sizivutika kwambiri ndi zimenezi. Koma zina n'zotheka kuzikonza ndi ndalama zochepa: sefa ya mpweya yodzaza fumbi, sefa ya dizilo yotsekeka, ma injector otopa, kilachi yoterereka, mabuleki ogwira tayala ngakhale simunaponde, matayala opanda mpweya wokwanira. Ndipo tinene zoona, galimoto yosenzetsedwa kuposa muyeso wake siichira ndi difu iliyonse. Ikhoza kunyamuka bwino, koma mabuleki ndi omwe aja, ndipo anthu amene mwanyamula ali ndi ana kunyumba.

Nkhani ya matayala ndiye ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene kusintha difu kumakhala koyenera kwenikweni. Anthu ambiri a mapikapu, poona maenje a m'misewu ya ku Epworth kapena ya kumapulazi, amavala matayala akuluakulu. Tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, ndiye zili ngati mwatsitsa nambala ya difu osadziwa. Mukachoka pa tayala la masentimita 69 kupita pa la mainchesi 31, lomwe ndi pafupifupi masentimita 79, mwakulitsa ndi 14 peresenti, ndipo mphamvu yokankha yatsika ndi pafupifupi 13 peresenti. Galimoto imene inali yochangamuka imasanduka yaulesi tsiku lomwelo. Kuti mubwezere mwakale, chulukitsani nambala ya difu yanu ndi kutalika kwa tayala latsopano, mugawe ndi kutalika kwa lakale. Pa chitsanzo chathuchi, 4.10 kuchulukitsa ndi 79 kugawa ndi 69 ndi 4.69. Difu ya nambala imeneyo simuipeza, ndiye musankha pakati pa 4.56 ndi 4.88: woyenda maulendo ataliatali atenge 4.56, wosenza katundu wolemera m'misewu yoipa atenge 4.88. Mbali inanso ya nkhani yomweyi ndi yakuti nthawi zina mankhwala otsika mtengo n'kungobwerera ku matayala a muyeso umene galimoto inabwera nawo.

Nanga mudziwa bwanji nambala ya difu imene muli nayo? Pa Toyota zambiri pali kachitsulo kapena kapepala m'chipinda cha injini, kapena pamphuthu ya chitseko, kolembedwa Trans/Axle, ndipo ogulitsa zipangizo amatha kumasulira zilembozo. Koma galimoto imene yadutsa m'manja ambiri ikhoza kukhala itasinthidwa kale, choncho yesani nokha. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, tsekerani matayala a kutsogolo ndi miyala, ikani giya pa neutral, masulani handibuleki. Kwezani tayala limodzi la kumbuyo ndi jeke ndipo muchirikize ndi chitsulo cholimba. Musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yekha, chonde. Lembani chizindikiro ndi choko pa tayala ndi pa propshaft. Mnzanu azungulize tayala ka 20, inu muwerenge kuzungulira kwa propshaft, kenako mugawe ndi 10. Mukawerenga 41, difu yanu ndi 4.10, mukawerenga 43 ndi 4.30. Ngati tayala likukana kuzungulira linzake lili pansi, mwina muli ndi difu ya LSD, imene imakaniza tayala limodzi kuzungulira palokha. Pamenepo kwezani onse awiri, muwazungulize ka 10, mugawenso ndi 10.

Zonsezi ndi za galimoto zokokera kumbuyo. Honda Fit, Vitz, Wish ndi zina zokokera kutsogolo zili ndi difu yake m'kati mwa giyabokosi, ndipo zambiri ndi za automatic kapena CVT (mtundu wina wa automatic) zoyendetsedwa ndi kompyuta. Pamenepo musavutike, samalani injini ndi mafuta a giyabokosi basi. A 4x4, lamulo ndi limodzi: difu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zikhale za nambala yofanana. Mukasintha imodzi yokha n'kulowetsa 4x4, matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo amakokana, ndipo chimene chithyoke ndi transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) kapena propshaft.

Pogula, kaya ku Magaba ku Mbare kapena ku Gazaland ku Highfield, tengani makaniko wanu ndipo muwerenge mano ndi maso anu. Ubwino wa Hilux ndi Hiace zambiri ndi wakuti mutu wonse wa difu umachoka ndi mabawuti, ndiye mukhoza kugula wathunthu, woikidwa kale bwino kufakitale, m'malo mogula magiya okha. Onani kuti mano sanabenthuke, alibe timaenje kapena dzimbiri, ndipo sanasinthe mtundu chifukwa cha kutentha. Gwedezani pinion ndi dzanja. Ikamasewera m'mwamba ndi pansi, ma bearing atha. Fanizirani ndi yanu yakale mizere ya m'kati imene ma half shaft (zitsulo zopita ku matayala) amalowamo, pakuti zina zili ndi 27 zina 30, komanso mabowo a mabawuti a propshaft. Crown wheel ndi pinion zimapangidwa ndi kunoledwa limodzi, choncho musalole kuti wina akuphatikizireni crown wheel ya difu ina ndi pinion ya ina, ngakhale mano akugwirizana. Gwirizanani ndi wogulitsa, makamaka polemba, kuti ikalira mubweza.

Ngati mwagula magiya atsopano oti aikidwe m'difu yanu, ntchitoyo ndi ya makaniko amene ali ndi zida zake, osati wongomanga mabawuti ndi kumva m'manja. Mpata wa pakati pa mano, umene amautcha backlash, umayezedwa ndi chida chotchedwa dial gauge, ndipo pa difu za Toyota za mainchesi 8 umakhala pakati pa mamilimita 0.13 ndi 0.18. Ma bearing a pinion amamangidwa ndi muyeso wake, ndipo kachitsulo kofinyika ka pakati pawo kamafuna katsopano. Pomaliza amapaka utoto pa mano n'kuzunguza, kuti aone ngati akukhudzana pakati, osati kunsonga kapena kutsinde. Mufunseni makaniko akuonetseni utotowo asanatseke. Difu yoikidwa molakwika imalira ngati mluzu mukafika pa liwiro lina lake, ndipo kulirako sikutha. Mano amangodyeka mpaka kuthyoka.

Mukatuluka m'galaja, kumbukirani kuti spidomita ikhoza kuyamba kunama. Pa galimoto zakale imawerenga kuchokera ku giyabokosi, ndiye mukachoka pa 4.10 kupita pa 4.56 idzaonetsa 100 pamene mukuyenda pa 90, ndipo makilomita adzachuluka kuposa amene mwayendadi. Yesani ndi GPS ya pafoni pamsewu wowongoka, wina akugwirireni foniyo, ndipo ngati kusiyana kuli kwakukulu sinthani kagiya ka spidomita ka pa giyabokosi. Galimoto zowerenga liwiro kuchokera ku ma sensor a ABS a pa matayala sizikhudzidwa ndi difu, koma zimakhudzidwa ndi kukula kwa matayala.

Mafuta a difu akhale a GL-5, monga 80W-90 kapena 85W-140 malinga ndi buku la galimoto, ndipo ya LSD imafuna mafuta akeake. Magiya atsopano amatentha kwambiri poyamba, choncho makilomita 800 oyambirira yendani modekha, osakoka ngolo, osadzaza katundu, ndipo pa ulendo woyamba muziima kuti difu izizire. Mukakwanitsa mtundawo khuthulani mafutawo, muone ngati muli tizitsulo tikulutikulu pa bawuti yotsekera ya pansi, kenako muthire atsopano. Mwezi woyamba lembani malita amene mwathira ndi makilomita enieni amene mwayenda, mufanizire ndi kale. Difu yakale ija musaigulitse mpaka mutaona mmene mafuta akuyendera.